Mizere Iwiri ya Madala

"Ndani anasamutsa kompyuta ya ku kiliniki Lachinayi lija?" Abwana anafunsa ali chiimire kumapeto kwa tebulo, foni ili m'manja.

Linali Lolemba m'mawa, ndipo antchito onse asanu ndi atatu anali atapanikizana m'kachipinda ka misonkhano, ena pamipando, ena atatsamira khoma. Madala, mkulu wa olemba mapulogalamu pakampanipo, anali pampando wake wa masiku onse pafupi ndi zenera, akutakasa tiyi. Chakukhomo kunaima mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene ankasamalira maseva. Iyeyo ndiye anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ndine, bwana."

"Ndiye tamverani zimene zachitika," Abwana anatero, akuwerenga pafoni. "Lachinayi masana dokotala analemba mufayilo ya mayi wina kuti asamapatsidwe mankhwala enaake, chifukwa thupi lake limadana nawo. Loweruka mayiyo anabweranso. Namwino anatsegula fayilo, mawuwo mulibe. Anamubaya jakisoni wa mankhwala omwewo. Munthu anatupa nkhope mpaka maso kutsekeka, uku akubanika. Mwayi wake dokotala anali pafupi. Ali moyo, koma akadali pabedi."

Supuni ya Madala inaima m'kapu.

"Dokotala akulumbira kuti analemba, ndipo pepala limene anasindikiza tsiku lomwelo ali nalo. Nthawi imene ili papepalapo ndi yomwe ife tinkasamutsa kompyuta yawo. Ndiye ndikufunsa, mawuwo anapita kuti?"

Kampaniyo inkasungira anthu makompyuta osagwirika ndi manja. M'chipinda chozizira cha pansi munali maseva akuluakulu, ndipo mkati mwa seva iliyonse munkakhala makompyuta angapo ongoyerekezera, iliyonse ndi mwini wake: ina ya sukulu, ina ya sitolo, ina ya kiliniki. Pa ofesipo seva ankaitcha nyumba, makompyuta a mkatiwo n'kumawatcha alendo. Nyumba ikakalamba kapena ikadzaza, mlendo ankasamutsidwira m'nyumba ina.

Mlamu uja anayankha, maso ali pansi.

"Bwana, ndisabise. Disiki ya m'nyumba yatsopanoyo ndinaiika ine Lachitatu. Lamulo ndi loti tiiyese maola asanu ndi limodzi. Ine ndinaiyesa ola limodzi lokha, n'kuchonga pafomu kuti zonse zatheka. Kusukulu anandiimbira kuti mwana wanga wathyoka mkono, ndiye mutu unangoima. Ndinati ndidzamaliza mawa lake, koma ndinaiwala."

"Munachonga zimene simunachite?"

"Ndinachonga, bwana."

Abwana anatembenukira kuzenera. "Madala, inu mukuti bwanji? Disiki yoipa ingameze mawu chonchi?"

"Ingathe," Madala anayankha. Zinali zoona.

"Nanga pulogalamu yanu yosamutsira ija?"

"Yasamutsa alendo ambirimbiri, palibe anadandaulapo." Izinso zinali zoona. Komabe poyankhapo Madala anayang'ana m'kapu mwake, osafuna kuti maso ake aphane ndi a Mayi a Mapasa, oyesa mapulogalamu, amene anakhala moyang'anizana naye, kope lili pamiyendo.

Nkhani inathera pomwepo. Mlamu anauzidwa kuti akakhale kaye kunyumba milungu iwiri, za ntchito yake zikaoneka pambuyo pake. Anavula kiyi wa chipinda chozizira m'khosi, namuika patebulo mwakachetechete. Potuluka anaweramira Madala n'kunong'ona kuti, "Pepani alamu, ndakuchititsani manyazi." Paja ntchitoyo anamupezera ndi Madala yemweyo, zaka zinayi zapitazo.

Pulogalamu yosamutsirayo Madala ankainyadira ngati mwana woyamba. Kale, pofuna kusamutsa mlendo ankayamba amuzimitsa, makasitomala n'kumalalata pafoni kuti ntchito yaima. Madala ndiye analemba njira yosamutsa mlendo ali mkati mogwira ntchito. Chovuta chake n'chakuti pamene ukukopera disiki ya mlendo kupititsa kunyumba yatsopano, mwini wake amakhala akulembabe. Ndiye disikiyo imagawidwa m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kamakhala ndi kadontho kake pamndandanda wautali umene amautcha bitimapu. Mlendo akalemba pa kachidutswa, kadontho kake kamayaka. Pulogalamu ya Madala inkayenda pamndandandawo kuchokera kumutu mpaka kumchira. Ikapeza kadontho koyaka, inkakopera kachidutswa kake, kenako n'kuzimitsa kadonthoko. Inkazungulira chomwecho mpaka timadontho tonse titazima, mlendo n'kupezeka ali m'nyumba yatsopano osadziwa n'komwe kuti wasamuka.

Tsiku limene ankaionetsa kwa anzake, miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, Mayi a Mapasa anali atangobwerera kumene kuchokera ku tchuthi cha uchembere. Ntchito yawo inali yoyesa mapulogalamu asanayambe kugwiritsidwa ntchito. Anayang'anitsitsa pasikirini, kenako analoza ndi cholembera mizere iwiri.

"Madala, pepani. Apa mukukopera kaye, kenako mukuzimitsa. Nanga mlendo atalemba pakati pa mizere iwiriyi? Kadontho kayaka kale, ndiye palibe chisintha. Inu mubwera n'kuzimitsa, zimene walemba kumenezo zitsala kunyumba yakale, inu osadziwa."

"Mayi, pakati pamenepo ndi kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso."

"Ndikudziwa. Koma zili ngati khanda," iwo anapitiriza, pofuna kuti onse amve. "Mwalisintha thewera, mukutembenuka kuti mukachonge papepala kuti lauma, ilo lanyowetsanso. Pepala likuti lauma. Bwanji osazimitsa kaye, kenako n'kukopera? Mlendo akalembanso, kadontho kayakanso, mudzakapeza pozungulira ulendo wina."

Madala anadziwa kuti njira imeneyo ichititsa kuti tizidutswa tina tizikoperedwa kawiri, pamene iye anali atalonjeza Abwana liwiro. Koma chimene chinamuwawa kwenikweni chinali kuwongoleredwa pagulu, pa pulogalamu imene anaisinkhasinkha miyezi itatu.

"Mayi, matewera tawasiya kunyumba," iye anatero akumwetulira. "Kuno tikukamba za makompyuta. Koma anawo akumakulolani kugona?"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, ndi Abwana omwe. Mayi a Mapasa anasekako pang'ono, natseka kope lawo. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Tsopano, mlamu ali kunyumba, ntchito ya m'chipinda chozizira inagwera Madala. Lachitatu m'mawa anavala juzi n'kutsikira pansi. Anayamba kuiyesa disiki ija, maola onse asanu ndi limodzi monga mwa lamulo. Anakhala pakampando kamlamu wake, kamene mwendo umodzi unali womangidwa ndi waya, akumvetsera kulira kwa mafani. Sanadziuze poyera, koma mumtima ankapempha kuti disikiyo ipezeke yowonongeka.

Nthawi ya chakudya chamasana itapitirira, zotsatira zinatuluka. Disiki inali yabwinobwino, yopanda ndi kachilema komwe.

Akanatha kulekera pomwepo. Koma manja a munthu amene wagwira ntchito zaka makumi awiri amapitiriza okha. Anapanga mlendo wabodza, namupatsa ntchito yolemba mosalekeza, ngati kalaliki wopenga. Kenako anayamba kumusamutsa ndi pulogalamu yake, kupita uku, kubwerera uko, ndipo ulendo uliwonse ankayerekeza disiki yakale ndi yatsopano. Ulendo woyamba zinafanana. Wakhumi zinafanana. Atafika pa makumi anayi anayamba kuimba kamluzu, mapewa atamasuka.

Pa ulendo wa makumi asanu ndi chisanu n'chiwiri, mzere umodzi wofiira unaonekera pasikirini. Kachidutswa kamodzi kanali kosiyana. Kunyumba yakale kanali ndi mawu atsopano, kunyumba yatsopano kanali ndi akale, ndipo kadontho kake kanali kozima.

M'chipindamo munkazizira mpaka zala kuuma. Madala anatsegula pulogalamu ija, napita pa mizere iwiri imene cholembera cha Mayi a Mapasa chinaloza. Inali pomwepo, monga anailembera. Anaganiza za dokotala akudina kiyibodi pa kanthawi komweko kamene iye anati n'kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Anazimitsa sikirini, koma atamva mapazi pamasitepe anaiyatsanso msangamsanga n'kutsegula zina. Anali mayi wokolopa.

"Kukuzizira kuno, bambo. Simudwala?"

"Ndazolowera," iye anayankha.

Lachinayi anasinthanitsa mizere ija: kuzimitsa kaye, kukopera pambuyo. Anakonzanso kuti kuona kadontho ndi kukazimitsa kuzichitika kamodzin'kamodzi, popanda mpata woti mlendo n'kulowererapo. Anasamutsa mlendo wabodza uja maulendo mazana asanu, osataya ndi kachidutswa kamodzi komwe. Anayang'ana nthawi. Njira yatsopanoyi inkachedwa ndi masekondi anayi basi. Anaseketsa anthu ndi mayi wa ana awiri chifukwa cha masekondi anayi.

Pakampanipo, aliyense wosintha pulogalamu ankayenera kulemba chifukwa chake. Madala anayang'ana kabokosi kolembamo nthawi yaitali. Analemba chiganizo chonse, nachifufuta. Pomaliza analemba kuti, "Kukonza tina n'tina," n'kutumiza. Anadziuza kuti chachikulu n'chakuti vuto latha ndipo palibe wina adzavulale. Mlamu wake fomu anachongadi monama, palibe anamunamizira. Milungu iwiri si yambiri, ndipo iye adzamulankhulira kwa Abwana. Maganizo onsewa anali oongoka bwino, koma tsiku limenelo Madala sanapite kokamwa tiyi ndi anzake.

Lachisanu masana Mayi a Mapasa anafika pa desiki yake, nakoka mpando. Ena onse anali atapita kokadya.

"Ndaona tina n'tina tija," anatero motsitsa mawu. "Ndayesa. Tili bwino."

"Zikomo, mayi."

Mayi a Mapasa anamuyang'ana. Sanali okwiya, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka Madala. Akanamukalipira akanapeza poyankhira.

"Disiki ija munaiyesa?"

"Ndinaiyesa."

"Ili bwanji?"

Madala anasuntha mbewa ya kompyuta uku ndi uku popanda chifukwa. "Ndikadaonabe zina."

Mayi a Mapasa anaimirira, nabwezera mpando pamalo pake. "Ine ndinanena kale kamodzi m'chipinda chija, Madala. Sindikufuna kukanenanso ndekha. Koma pali munthu amene ali pakhomo chifukwa cha mizere iwiriyi."

Lamlungu lililonse mlamu ndi mkazi wake ankadzadya chamasana kwa Madala. Lamlungu limeneli Madala anayesa kunena kuti mutu ukumupweteka, koma mkazi wake anali atathira kale mpunga pamoto.

"Lero ndiye tsiku loti tiwalandire bwino," mkaziyo anatero. "Munthu ali pamavuto, inu mukufuna kukagona?"

Mlamu anafika atameta bwino, malaya atasita, koma nkhope itagwa. Mkazi wake anangofikira kudandaula kwa mkazi wa Madala kukhitchini, mawu akumveka mpaka pabalaza: munthuyu sakudya, akumangokhala pakhonde kuyang'ana mpanda, mwana akamufunsa chifukwa chimene sakupitira kuntchito akumalowa m'nyumba.

Patebulo mlamu anatenga kantchafu kamodzi ka nkhuku, n'kumangokatembenuza m'mbale.

"Idyani, achimwene," mlongo wake anatero. "Nkhukuyi sinalakwe kanthu."

Anasekako onse pang'ono. Kenako mlamu anaika foloko pansi.

"Alamu, pali zimene sindinakuuzeni. Lachisanu ndinapita ku kiliniki kuja."

Madala anasiya kutafuna. "Kukatani?"

"Kukapepesa. Sindikanatha kungokhala. Ndinapempha kuonana ndi dokotala, ndinamuuza kuti munthu amene anasokoneza ndine. Mwamuna wa mayi uja anali pomwepo pakhonde, akudikira kuti amutenge mkazi wake. Dokotala anamuitana."

"Anakumenyani?" mlongo wake anafunsa, dzanja lili pachifuwa.

"Bola akanandimenya. Anangondionetsa chithunzi pafoni, mmene nkhope inatupira. Anati, bambo, ana anga anamuona mayi wawo ali chonchi, wamng'ono mpaka lero akumuthawa. Kenako anandifunsa kuti, ola limodzi ndi maola asanu ndi limodzi, kusiyana kwake simukudziwa?"

Panja galimoto inadutsa ikuliza wailesi.

"Koma ndikuti ndithokoze inuyo, alamu," mlamu anapitiriza. "Mnzanga wa pa lisepushoni wandiuza kuti mwakhala m'chipinda chozizira sabata yonse, kugwira ntchito yanga, osadandaula. Munandipezera ntchito, ine ndakuipitsirani dzina, koma simunandinenepo ngakhale liwu limodzi loipa. Anthu ngati inu ndi ochepa. Akandichotsa, musadzivute kundimenyera nkhondo. Ndalakwa ndekha."

Anatambasula dzanja pamwamba pa tebulo. Madala analigwira. Linali lofunda, lokhakhala chifukwa cha mawaya ndi masikuluwu. Anafuna kulankhula, koma anangomva pakamwa pake pakutuluka mawu akuti, "Zitha bwino, alamu. Idyani."

Alendo atapita, Madala anaima pakhomo la khitchini, akuyang'ana mkazi wake akutsuka mbale. Mkaziyo sanatembenuke.

"Lero mwadya ngati muli kwa eni ake," anatero. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala nanu, abambo. Mukamabisa kanthu mumakanda kuseri kwa khutu. Lero mwatsala pang'ono kulichotsa khutulo. Chavuta n'chiyani?"

Anamuuza zonse. Anayamba ndi timadontho, koma mkaziyo anamudula kuti, "Za madonthozo zisiyeni, nenani za anthu." Ndiye ananena za Mayi a Mapasa ndi nthabwala ya matewera, za disiki yopanda chilema, za mzere wofiira, za tina n'tina. Pamene ankamaliza, madzi anali akungotayika pampopi, mkazi wake atagwira mbale imodzi yomweyo.

Anatseka mpopi. Anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenako anapita pamsomali wa kuseri kwa chitseko, natenga makiyi a galimoto, n'kuwaika patebulo patsogolo pa mwamuna wake.

"Achimwene akhala atafika kwawo tsopano," anatero, nabwerera ku mbale zake.

Madala anamupeza mlamu wake kuseri kwa nyumba, atavula malaya abwino aja, akulimbana ndi fani yakale imene anaimasula zidutswazidutswa pathumba. Atamuona anadzidzimuka.

"Alamu! Taiwala kanthu?"

"Ayi. Khalani pansi, ndikuuzeni."

Panalibe mpando, ndiye mlamu anakhala pa ndowa yovundikira. Madala anakhalabe chiimire. M'galimoto anali atakonza mawu ambiri, koma onse anabalalika.

"Disiki ija ilibe vuto. Ngakhale mukanaiyesa sabata yathunthu, mawu a dokotala akanasowabe. Chinawameza ndi pulogalamu yanga. Mayi a Mapasa anandichenjeza kalekale, ine ndinawaseka."

Mlamu anamuyang'ana ngati sanamve chilankhulocho.

"Ilibe vuto?"

"Ilibe."

"Ndiye mayi uja... si ine?"

"Si inu."

Mlamu anaweramitsa mutu, naphimba nkhope ndi manja akuda ndi girisi. Mapewa ake anagwedezeka, Madala osadziwa ngati akuseka kapena akulira. Atadzutsa mutu, maso anali ofiira, pachipumi pali mzere wakuda.

"Sabata yonse ndikatseka maso ndimaona chithunzi chija," anatero. Anapuma kwambiri. Kenako nkhope yake inasintha. "Mwadziwa liti?"

Funso limeneli ndi limene Madala analiopa njira yonse.

"Lachitatu."

"Lachitatu." Mlamu anawerenga ndi zala, mosafulumira. "Ndiye Lachisanu, pamene ine ndimagwada ku kiliniki, inu mukudziwa. Lero, pamene ndimakugwirani dzanja patebulo la achemwali anga, inu mukudziwa."

"Ndinkadziwa."

"Munati idyani."

Madala anayang'ana zidutswa za fani zija.

Mlamu anatola sikuludiraiva, naitembenuza m'manja. "Fomu ndinachongadi monama. Zimenezo ndi zanga, ndipo ndizivomera kulikonse. Koma zanuzo, alamu, munandisenzetsa ndili maso." Anaika sikuludiraiva ija pansi. "Kulakwitsa mizere iwiri ndikanamva. Tonse timalakwitsa. Koma masiku anayi?"

"Mawa ndikanena pamaso pa onse."

"Kaneneni." Anaweramira fani yake. "Pitani bwino. Geti mukatseke, galu angatuluke."

Sanamuperekeze.

Lolemba, Abwana asanatsegule n'komwe msonkhano, Madala anaimirira. Sanakhale pampando wa pazenera, anaima pafupi ndi bolodi. Anajambula mzere wa timadontho, nafotokoza zonse monga zinachitikira, ndi masiku ake omwe. Ankalankhula moyang'ana bolodi. Pomaliza anatembenuka.

"Mayi a Mapasa anaona vutoli tsiku loyamba. Ine m'malo momvera ndinawasandutsa choseketsa, ndipo nonse munalipo. Mayi, pepani."

Mayi a Mapasa anagwedeza mutu kamodzi, maso ali pakope lawo. Ena onse anazyolika, pakuti aliyense anakumbukira mmene anasekera.

Abwana anagwira chibwano.

"Madala, mukanabwera Lachitatu ndikanati ndi ngozi ya pantchito," anatero. "Panopa sindikudziwa kuti ndiitche chiyani. Ndakhala ndikusaina chilichonse chimene mwandipatsa, osawerenga."

Chigamulo chinatuluka tsiku lomwelo. Mlamu abwerere kuntchito mawa lake, ndi kalata yomuchenjeza za fomu ija. Madala asiye kaye ukulu wa olemba mapulogalamu, ndipo chilichonse chimene walemba chizidutsa kwa Mayi a Mapasa chisanakhudze mlendo aliyense. Ku kiliniki apite yekha, akafotokozere dokotala ndi banja lija kuti munthu amene anabwera kudzapepesa sanali wolakwa.

"Ndipo sizinathere pamenepo," Abwana anawonjezera. "Ngati inameza mawu a dokotala, tikudziwa bwanji kuti kwina sinameze kanthu? Aliyense amene tinamusamutsa ndi pulogalamu imeneyi auzidwe, aone mafayilo ake a tsiku limenelo. Ndipo sindikufuna imelo. Muwaimbire, inuyo."

Lachiwiri m'mawa mlamu analowa mu ofesi, kiyi wa chipinda chozizira ali m'khosi. Anapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi. Atafika pa desiki ya Madala anati, "Mwadzuka bwanji, bambo," ngati kwa munthu amene wakumana naye mubasi. Anaika patebulo kope lachikuto cholimba, lotseguka pakati.

"Ndimalemba aliyense amene ndamusamutsa, tsiku ndi ola lake. Alipo makumi atatu ndi anayi. Manambala a foni ali kumapetoko."

"Zikomo, alamu."

Mlamu anali atatembenuka kale, akutsikira pansi.

Madala anakokera kopelo pafupi. Zilembo zinali zazing'ono, zoongoka, popanda pofufuta. Dzina loyamba linali la sukulu ina ya sekondale. Anatenga foni, nadina manambala, n'kudikira. Inaitana katatu.

"Aa, Madala!" anayankha mphunzitsi wa makompyuta wa kumeneko, mawu ali mwaa ndi chimwemwe. "Katswiri wathu! Kuno zonse zikuyenda myaa, chisamutsireni sitinavutikepo. Dzulo lomweli ndimakutamandani kwa ahedi. Tikuthandizeni chiyani?"

Madala anatseka maso kamphindi. Mu ofesi yonse aliyense ankanamizira kuyang'ana pasikirini yake.

"Aphunzitsi," iye anatero, "muli ndi mphindi khumi? Tengani cholembera. Pali tsiku limene ndikufuna muone mafayilo ake onse, ndipo ndiyambe n'kukuuzani kuti wolakwa ndine."